Nyimbo ya Masika Inafewera M'chigafa

Amene anandibweretsera nkhaniyi ndi mlamu wanga, akuchokera kuchigayo, ufa uli mbuu kumaso. "Alamu, mwamva? Akwaya asankha mwana wanu kuti apeke nyimbo ya tsiku la masika!"

Ndinagwada pomwepo pakhonde. Ife ndife matenanti, tinabwera kuno ku Chisemphere kudzalima fodya pa esiteti ya eni. Mwana wa alendo kupatsidwa nyimbo ya mpingo wonse, si chinthu chamasewera.

Koma mtsikana wangayo sanayambe. Masabata anapita. Amasesa pabwalo posesa kale, amatunga madzi mitsuko ili yodzaza, kwinaku akung'ung'udza pakhosi. Bambo ake anatopa naye.

"Iwe, nyimbo ija ukuisungira angelo?"

"Ikubwera, ababa."

"Ikubwera pa ngolo yopanda ng'ombe?"

Kenako mkulu wa kwaya anafika ndithu kunyumba. "Amayi, masika ayandikira. Ngati mwana walephera, nenani tipatse wina. Anthu ayamba kale kulankhula kuti tinalakwa kudalira obwera."

Mtima unandiwawa, koma sindinachite mantha. Mwanayu ndinam'bereka ndine. Kuyambira ali wamng'ono, chinthu chikam'gwira mtima amayamba wachizungulira. Mkulu wa kwayayo ndinawatengera kuchigafa kumene tinapachika fodya, dzuwa lili pamutu, n'kuwauza kuti agwire tsamba. Linafumbutuka m'manja mwawo.

"Mwaonatu abambo. Fodya wauma kale, koma masana sitim'khudza. Timadikira chinyezi chim'fewetse. Mwanayu mum'patse mpaka Lachisanu."

Atachoka ndinalowa m'nyumba kukapemphera, chifukwa kulimba pakamwa pokha sikukwanira.

Lachinayi kunacha ndi nkhungu. Tonse tinathamangira kuchigafa kukatsitsa fodya asanaumenso. Tili mkati mosankha masamba, mwana uja anangoyamba kuimba. Munali zonse zimene ankaona masiku aja timati akuzengereza: chidebe cha kunazale, manja akuda ndi phula la fodya, mayi wopereka chimanga cha m'munda wobwereka. Bambo ake anayang'ana kumbali, ati fumbi lawalowa m'maso. Fumbi lanji kunja kuli nkhungu?

Sindinama, kuchedwako kunali ndi mtengo wake. Kwaya inaphunzira mothamanga, ndipo pa tsikulo amuna oimba besi anasochera pa ndime yachiwiri. Koma amayi a mumpingo anaimirira okha n'kuyamba kuvina, nthungululu mpaka panja. Mkulu wa kwaya anandigwira chanza ndi manja awiri.

Mwanayo ndinamuuzabe kuti, "Si chilichonse chimafewa ndi kudikira. Mbale zakuda sizipeka nyimbo, katsuke."

Pano am'patsanso ina, ya ukwati wa mwezi wamawa. Dzulo ndinamuona akusesa posesa kale. Ine ndili phee, ndikuyamika Mulungu. Inu owerenga, mukamagwada mutikumbukire pakhomo pathu pano, makamaka bambo ake, kuti apatsidwe mtima wodikira.