Malungo a Achemwali Anga

Achemwali anga ndi munthu woti ukafuna kuwathandiza, uyambe wamwa madzi kuti mtima ukhale pansi. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri ankasita pamalo ena ochapira zovala, m'kachipinda kakumbuyo kopanda zenera. Kolala ya shati akaigwira iwo inkaima ngati yogula kumene, moti makasitomala ankachita kunena kuti suti yawo isitidwe ndi mayi wamfupi uja.

Koma akakhala kumwezi, masiku awiri oyamba amasanduka munthu wina. M'mimba mumapota, msana umawawa, amasanza mpaka ndulu. Ndawapezapo atagona pasimenti, mawondo ali pachifuwa. Akalimba mtima n'kupita kuntchito, ankasita kathaulo mpaka kutentha n'kukabisa mkati mwa epuloni. Zikakanika, ankatumiza uthenga kwa bwana kuti akudwala malungo.

Malungo mwezi ndi mwezi. Ndinawafunsa kuti ndi udzudzu wanji wosunga kalendala chotere. Anandiyankha kuti mkazi wolangizidwa sauza mwamuna wa mwini zinthu zotero, ndipo ine wobadwa dzulo ndisawaphunzitse.

Tsoka lake, bwanayo anali wachifundo. Anawanyamula pagalimoto yake kukayezetsa magazi, malungo osapezeka. Mwezi wotsatira chimodzimodzi. Kawiri konse anakhala pamaso pa dokotala woti akadawathandiza, koma poti anali wamwamuna, anangomuuza za mutu ndi kuphwanya kwa thupi. Atandifotokozera ndinapsa mtima mpaka chakudya kundikanika.

Chifundo cha bwana chinasanduka kukayika, nayamba kuganiza kuti masiku amenewo amakagwira ganyu kwina. Anawaitanitsa ku ofesi kuti akanene zoona, apo ayi ntchito yatha. Ana awiri a achemwali ankadyera simbi yomweyo. Ndinawaperekeza achemwaliwo, njira yonse ndikuwachonderera kuti mawu akuti msambo sanaphepo munthu. Iwo anandilumbiritsa kuti ndikangotsegula pakamwa, chibale chathera pomwepo.

Mu ofesimo munalinso akazi awo a bwana, akumata timapepala ta manambala pa zovala.

"Mayi, ndiuzeni chilungamo," anatero bwana. "Mumakhala kuti masiku amenewa?"

Achemwali anazolika. Ine ndinaponya maso kwa mkazi mnzathu uja, poti nkhope yake inkaonetsa kuti zonse akuzidziwa. Anangotembenuka n'kupitiriza kumata timapepala take.

"Ndi ulesi chabe, bwana. Mundikhululukire," anatero achemwali.

Ulesi, munthu wosita mashati makumi asanu dzuwa lisanafike pamutu. Bwana anausa moyo, nawauza kuti abweze epuloni ndi makiyi.

Titatuluka ndinalira chifukwa cha ukali, anthu mumsewu akundiyang'ana. Achemwali anandipukuta misozi ndi nsonga ya mpango wawo.

"Usalire, mng'ono wanga," anatero. "Bola sitinachite manyazi."