Mchenga Wakuda wa Alamu Anga

Mkazi wanga, amene anatisiya kale, anali ndi mchimwene wake mmodzi yekha. Alamu angawo anaphunzira za sayansi kunja mpaka kupeza digiri ya udokotala, ndipo atabwerako ankaphunzitsa kukoleji kummwera. Ankatiuza kuti kunjako ankafufuza zitsulo zina zimene zikazizira kopitirira muyeso, magetsi amadutsamo osataya mphamvu ngakhale pang'ono. Kuno makina oziziritsira motero kunalibe, choncho anatembenukira ku chimene chinalipo: mchenga wakuda wa m'mitsinje ya kumapiri a Ntchisi, umene umamatirira ku maginito. Ankafuna kumvetsa mmene timchengato timadzifoletsera tokha m'mizere maginito akayandikira.

Ine ndinali mphunzitsi wa pulayimale pasukulu ya mishoni, ndiponso mkulu wa mpingo. Pa tchuthi alamu ankafikira kwathu, ku Ntchisi komweko, kufupi ndi mtsinje. Tinkatapa mchengawo pokhota mtsinje, n'kuutsuka m'beseni, kuuyanika pamphasa, kenako kuutsekera m'zitini za mkaka. Zitinizo tinkaziika m'kachipinda kosungira makasu.

Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo makutu ake anali paliponse. Munthu wophunzira kunja ankayang'anidwa ndi diso lina. Wina akatengedwa kuti akufuna kuukira boma, abale ake sankafunsa n'komwe kumene wapita.

Loweruka lina masana, dzuwa la chilimwe likuswa mtengo, anafika tcheyamani wa chipani wa m'dera lathu ndi anyamata ake. Ndinawapatsa mpando, koma anakana kukhala.

"Aphunzitsi, tamva kuti pakhomo pano mukuyanika wonga wa mfuti ngati ufa."

"Ndi mchenga, a tcheyamani. Wa kumtsinje kwathu konkuno."

"Mchenga wotsekera m'zitini? Kodi kumtsinjeko akuba?"

Anyamata aja anaseka. Mmodzi analowa yekha m'kachipinda muja, ndipo anachedwamo. Potuluka ananyamula chitini chimodzi, chivundikiro chake chitakhala mopendekeka. Alamu sankatseka chitini motero. Ndinaonanso kuti mnyamatayo anavala jekete kukutentha chotero, ndipo ndinakumbukira kuti bambo ake anali ndi mfuti ya gogodela, yothira wonga, yosakira nguluwe. Sindikunena kuti anathiramo kanthu. Mpaka lero sindikudziwa, ndipo Mulungu yekha ndiye anaona.

"Adokotala," anatero tcheyamani kuuza alamu, "khalani pansi apa, chitini pamiyendo. Machesi ndi awa. Ukapanda kuyaka, tikusiyani. Ukayaka, tikwera nanu kuboma, ngati nkhope ikhale ilipo."

Mkazi wanga anagwada pafumbi. "Achimwene, musayatse. A tcheyamani, munthuyu mwakula naye limodzi."

"Dzukani, mayi. Mchenga suwotcha munthu. Kapena mukudziwapo zina?"

Mkazi wanga anadzuka n'kuima pambali. Alamu anakhala pansi, chitini pamiyendo, koma machesi sanawagwire. Anapempha kuti ayambe awaonetsa ntchito yawo. Anatulutsa maginito m'thumba, kachitsulo kokwana m'manja, n'kukaviika m'chitinimo. Potukula, mchenga unaimirira pakachitsuloko ngati ubweya wa galu wolusa.

"Taonani, chitsulo chamera ndevu," anatero mnyamata wina. "Kuposa iwe, wometa ndi madzi okha," anayankha mnzake.

Iwo ankaona masewera. Ine ndinazindikira chimene alamu ankachita. Wonga sumatirira ku maginito. Ngati munali wonga, ukanatsala pansi pa chitini, ndipo ankafuna kuuona ndi maso awo asanayatse. Anaviika, n'kupukutira pamphasa, kuviikanso, kupukutanso. Mchenga unkachepa. Tcheyamani anayamba kugwedeza bokosi la machesi pafupi ndi khutu lawo.

Potsiriza pansi pa chitini panatsala zakuda zina, zokwana supuni yaikulu, zimene zinakana kunyamuka. Alamu anayendetsapo maginito mobwereza. Sizinasunthe. Anakweza maso n'kundiyang'ana, ndipo ndinaona kuti nawonso sakudziwa. Zochepa choterozo sizikanawapha. Koma kungothetheka kamodzi kokha, mkazi wanga sakanamuonanso mchimwene wake. Ndinapemphera chamumtima, maso ali chitsegukire.

"Sukulu yatha, adokotala. Yatsani."

Ndodo yoyamba ya machesi inathyoka. Ina inayaka, ndipo anaiponya m'chitinimo nkhope atatembenuzira kumbali. Kamoto kanagona pazakuda zija, kanadya kamtengo kake mpaka kumapeto, n'kuzima. Kunatuluka kautsi koyera basi.

"Mwina ndi wonyowa," anatero mnyamata wa jekete uja.

Tcheyamani anatola maginito pamphasa, n'kuwayandikiza ku makiyi ake. Makiyi atalumphira, anamwetulira ngati mwana, kenako anaika kachitsuloko m'thumba. "Aka tikakaonetsa akuluakulu. Aphunzitsi, alendo anu muziwasankha." Anatuluka pampanda osatsanzika.

Kenako ndinafunsa alamu za zakuda zotsala zija.

"Pali mchenga wina wakuda wosamva maginito, alamu. Umatsalira nthawi zonse." Anayang'ananso m'chitinimo. "Koma sunatsalepo wambiri chonchi."

Mkazi wanga sanafune kumva zambiri. Analowa m'kachipinda muja, anasanja zitini zonse m'dengu, n'kusenza. Alamu anagwira chimodzi, chimene anati ndi cha kuphiri lakutali, kumene anavutika kukwera.

"Achimwene, ndinaika amayi, ndinaika abambo. Bweretsani."

Anapereka. Tinamutsatira mpaka kumtsinje, ndipo tinaima pagombe iye akukhuthula chitini ndi chitini m'madzi.

Alamu ananyamuka m'mawa mwake titatuluka m'tchalitchi. Kwa miyezi yambiri, galimoto ikamveka kumsewu ndinkasiya choko m'manja, ana n'kumandiyang'ana. Palibe amene anabwera. Alamu anaphunzitsa mpaka kupuma ntchito, ndipo ndi amene anagwira mkono wanga pamaliro a mlongo wawo. Za mchenga sanazitchulenso, ngakhale zinthu zitasintha m'dziko.

Popita kumanda a mkazi wanga ndimawoloka mtsinje womwewo. Mvula ikakata, pokhota paja pamaoneka mzere wakuda m'mphepete mwa madzi. Ndimaima pang'ono, ndipo ngakhale tsopano ndimayamba ndacheuka kuona ngati kumbuyo kukubwera munthu.