Tamva, Bwana Phungu

Wezulo ya amalume inali yachitsulo, yomangidwa pachingwe chobiriwira. Anapuma usilikali ali Meja, ndipo chaka chotsatira anthu a kwathu, kumunsi kwa esiteti ya tiyi, anawasankha kukhala phungu. Yunifolomu anavula, koma wezuloyo inatsala m'khosi.

Ine ndinali mu Sitandade 8, ndipo ndinkalemba chilichonse m'kope langa. Dzinja limenelo mtsinje unakokolola mlatho wamitengo umene tinkawolokera popita kusukulu. Mvula ikagwa tinkaima kutsidya lino, mabuku ali m'jumbo, tikuonerera madzi ofiira akudutsa ndi nthochi za eni. Mayeso anali akuyandikira.

Amalume anapeza simenti kuboma. Chotsala chinali miyala ndi mchenga. Anaitanitsa msonkhano pabwalo la mpira, ndipo mpando umene anawakonzera sanaukhalire.

"Lachiwiri, sikisi koloko m'mawa, aliyense kumtsinje ndi ndowa. Mwamva?"

"Tamva, bwana," linayankha bwalo lonse, amayi anga ali pomwepo.

Tsiku limenelo ndinalemba kuti mlatho watheka.

Lachiwiri ndinafika ndi ndowa yanga. Amalume anali atafika kale, atavala majombo, maso ali pawotchi. Anaimba wezulo katatu. Kunabwera gogo mmodzi wodzaonerera. Kumtunda, m'munda wa tiyi, anthu anali ndandanda, madengu kumsana, akutchola masamba m'chifunga. Dzinja ndi pamene tiyi amaphukira kwambiri, ndipo ukajomba kapitawo amapereka mzere wako kwa wina. Ngakhale mwana ankadziwa zimenezi. Mpaka lero zimandipsetsa mtima kuti munthu wobadwira pomwepo, amene anatsogolera asilikali kunja kwa dziko, sanafunse ndi mmodzi yemwe tsiku lowakomera.

Anachita zimenezi Lachiwiri katatu. Kachitatuko aphunzitsi athu anawapeza pamtsinje.

"A Meja, anthu aja anati amva. Kodi anati abwera?"

"Kuusilikali amenewo ndi mawu amodzi, aphunzitsi."

"Kuno ndi awiri. Afunseni tsiku."

"Ndikafunse chilolezo chowamangira mlatho wawo?"

Simenti inauma m'matumba chifukwa cha chinyezi. Ine ndinajomba masiku ambiri, ndipo Sitandade 8 ndinabwereza. Mlatho unadzamangidwa chilimwe, tiyi atachepa, ntchito yake ya masiku owerengeka.

M'kope ndinalemba kuti anthu a kwathu ndi abodza. Kenako ndinafunsa amayi, atangobwera kotchola tiyi, akuchotsa pulasitiki yonyowa m'chiuno, chifukwa chimene anavomerera pamene ankadziwa kuti sapita.

"Achimwene anga ndikanawakana pagulu? Iwe mwana, usandilaule."

Ndinaona ngati akuzemba funso. Sindikanatha kumvetsa kuti bwalo lonse lija linkawasungira ulemu amalume, ndi kuti iwo, ataima pamvula ndi ndowa imodzi ya mwana wa mlongo wawo, ankaganiza kuti anthu awo awagalukira.