A Paison Nakhumwa, Amene Anachedwetsa Ndawala

Mu Mzuzu muli anthu ambiri amene amadyera liwiro: a kabaza, a minibasi, ngakhalenso anyamata aja otsomphola mafoni pa depoti. Wodyera kuyenda pang'onopang'ono alipo mmodzi, ndiye a Paison Nakhumwa a ku Chibanja.

Ntchito yawo ndi kutsogolera ndawala. Mpingo ukafuna kuguba kuti upeze malata a denga, kapena bungwe likafuna kudziwitsa anthu osamba kale kuti kusamba n'kwabwino, pamafunika galimoto yoyenda patsogolo itasenza jenereta ndi masipika. Galimotoyo siyenera kuthawa anthu, siyeneranso kumaimaima n'kuwagunditsa mphuno. Zikumveka zophweka. Kayeseni.

A Paison ndi a ku Mulanje. Anabwera kumpoto kuno ali mnyamata kudzayendetsa galimoto pa kampani ina ya matabwa, ndipo kampaniyo itagwa n'kugulitsa katundu wake, iwo anagula pikapu yomwe ankayendetsayo. Ndi yaitali, ya dizilo, ndipo akuti kale inali yoyera. Injini yake ndi zija zopuma zokha, zokoka mpweya ndi chifuwa chake monga achitira munthu. Zamakono zili ndi tabo, kachipangizo kokhala ngati nkhono kamene kamazunguzidwa ndi utsi n'kumakankhira mpweya wambiri m'injini, kuti injini yaing'ono igwire ntchito ya yaikulu.

"Wopumira makina timakamuona kuchipatala," amatero a Paison nkhani ya tabo ikabuka.

Chilungamo chake n'chakuti za tabozo zimakwera chitunda cha Chiweta osadandaula, ndipo zambiri zimamwa mafuta mwaulemu. Ya a Paison pa chitunda chochokera ku Nkhata Bay inapitiriridwapo ndi munthu wa njinga atanyamula nthochi, ndipo munthuyo anapereka moni. Koma ikalowa giya woyamba, phazi n'kulichotsa pamoto, imadziyendera yokha, gu-gu-gu, ngati ng'oma ya munthu wopanda ngongole ndi nthawi.

Pa ndawala a Paison sayang'ana kwenikweni kutsogolo. Maso amakhala pa galasi loonera kumbuyo. Amasankha munthu mmodzi m'gulumo, uja wotsalira, n'kumayenda liwiro lake. Kawirikawiri munthuyo amakhala akazi awo, a Mildred, telala wa makina apaphazi, amene saphonya ndawala ngakhale bondo lawo lakumanzere linasiya kugwirizana nawo. Choncho kwa zaka zambiri liwiro la chitukuko mu Mzuzu linkayendera bondo limeneli, ngakhale palibe lipoti limene linathokozapo.

Ndawala yaikulu pa zonse inali ya Tsiku la Mzinda Waukhondo, yochokera ku Chibanja, kudutsa pa msika ndi pa depoti, mpaka pa bwalo lina la mbali ya ku Kaning'ina. Wotsogolera imeneyi ndiye mzinda wonse unkamuona, ndipo mipingo ndi masukulu zinkayitana yemweyo chaka chonse. Malo apatsogolowo anali a a Paison kuyambira kale. Sankawapempha. Ankangofika n'kuima pomwepo.

Chaka chatha komiti yokonzekera tsikuli inakakumana ku loji ina kutali ndi mzindawu, chifukwa za Mzuzu siziganizika bwino uli mu Mzuzu. Inabwerako ndi mutu wakuti "Tiyende ndi Nthawi", komanso chigamulo chakuti galimoto yotsogolera ikhale ya tabo. Amene anayambitsa ganizoli sakudziwika. Chodziwika n'chakuti a Stanford, mlamu wawo wa a wapampando, anali atangolowetsa kudzera pa chipata cha Songwe chipikapu chakuda cha ku Amereka, chachitali ngati nkhokwe, chokhala ndi matabo awiri. Zinthu zina zimangokumana.

Uthengawu anabwera nawo ndi mlembi wa komiti, mayi Temwani Chirwa, munthu wabwino mtima amene anatopa ndi misonkhano. Anapeza a Paison akutsuka galimoto pabwalo, a Mildred akusoka pakhonde.

"Monire adada, monire amama. Ndabwera ndi nkhani yovuta chomene, koma ndabweranso ndi mankhwala ake."

Anafotokoza chigamulocho, kenaka anatulutsa m'chikwama kachomata konyezimira kolembedwa TURBO, zija amagulitsa pa mabenchi a zipangizo za galimoto.

"Mungomata kumbuyoko, adada. M'komiti muja palibe amene angatsegule boneti. Ngakhale atatsegula, palibe akudziwa kuti taboyo imaoneka bwanji. A wapampando akuyesa ndi mtundu wa matayala. Zikakhala ziwiri za tabo, ine ndidzanena kuti titsate amene anayamba kale."

A Paison anakatembenuza kachomatako kawiri, ngati nsomba yokayikitsa.

"Mayi Chirwa, galimoto iyi sinandinamizepo. Ikatopa imanena, ikadwala imatsokomola. Ndiye lero ine ndiyinamizire?"

"Si bodza kwenikweni, adada. Ndi ndondomeko."

"Abambo a Sharon, matani," anatero a Mildred osakweza mutu pa makina. "Inuyo tsitsi lija mumalidetsa pa Khirisimasi, mumamunamiza ndani?"

"Tsitsi ndi langa, amake Sharon. Iyi ndi mbiri ya mnzanga."

"Mnzanu ameneyo akadzakusiyani pa njala mudzadya boneti."

"Ndidzadya. Ilibe tabo, ndipo muwauze a komiti kuti ndanena ndine. Muwauze kuti ikupuma yokha, ndipo ipuma yokha mpaka tsiku limene idzaleke."

Mayi Temwani anapumira m'mwamba, n'kusiya kachomatako pakhonde. Komiti, pokumbukira utumiki wa a Paison wa zaka zambiri, inawapatsa ntchito yoyenda kumbuyo kwenikweni atanyamula madzi akumwa ndi anthu okomoka. Ambiri ankayesa akana. Anavomera. Anati akufuna kukaonera pafupi mmene nthawi imayendera.

Tsikulo kunacha ndi kamvula kaja ka Mzuzu kosanyowetsa msanga koma kolowa m'mafupa. Chipikapu cha a Stanford chinaima patsogolo chitavekedwa nsalu ndi mabaluni, masipika ali pamwamba. Kumbuyo kwake kunali ana asukulu, amayi a mipingo atavala zoyera, ochita malonda a mumsika atanyamula matsache atsopano, ndi wapolisi wa panjinga yamoto. Mlendo wolemekezeka wochokera ku Lilongwe anayenda wapansi mpaka pamene ojambula anakhutira, kenaka anakwera m'galimotomo pamodzi ndi a wapampando, n'kutseka mawindo.

Tisachinamizire chipikapucho. Chikhoza kuyenda pang'onopang'ono ngati kamba, anachipanga ndi anthu anzeru. Chovuta ndi phazi la munthu amene wakhala pa mphamvu zonsezo, msika wonse ukumuyang'ana, ndipo pambali pake pali bwana amene akuyang'ana wotchi chifukwa madzulo ali ndi msonkhano wina wotsegulira. Akuti mlendoyo anafunsa kuti, "Ndiye taboyo imalira bwanji?" A Stanford ndi munthu waulemu. Sakanasiya funso la mlendo lopanda yankho.

Anthu anangomva kamluzu, fwiii, nyimbo n'kuyamba kuchepa. Ana asukulu anathamangira pang'ono n'kugonja. Wapolisi, amene ntchito yake inali kuteteza mlendo, anatsatira mlendo. Pofika pa msika ndawala inali yopanda mutu, yopanda nyimbo. A minibasi ataona mpata analowa pakati n'kuyamba kuitanira okwera. A kabaza anadutsa uku ndi uku. Amayi ena anakumbukira kuti kunyumba kulibe tomato. Matsache anayamba kulowera mumsika limodzi ndi eni ake.

A Mildred, amene ankatsimphina pafupi ndi pikapu yakumbuyo, anagogoda pa chitseko.

"Abambo a Sharon, mwabwera kudzaonera nthawi, mwaiona? Anthu akumwazika awa."

"Anandiuza kuti ndikhale kumbuyo."

"Kumbuyo kwa ndani? Mukuona munthu patsogolo apo?"

A Paison anayang'ana. Anakhotetsa chiwongolero, n'kudutsa m'mbali mwa gululo akuliza hutala, mabotolo a madzi akugubuduzika kumbuyo, mpaka anakaima pamalo pawo pakale. Analowetsa giya woyamba, n'kuchotsa phazi pamoto. Masipika analibe. Inalipo ndi injini, gu-gu-gu. Mayi wina wa kwaya anamvetsera, anaomba m'manja motsatira, n'kuyambitsa nyimbo. Anzake anayankha. Aja a tomato anasuzumira, ena n'kubwerera. Minibasi zinapatuka, osati chifukwa cha ulemu, koma chifukwa pikapu ya a Paison aliyense amadziwa kuti ilibe penti yoti n'kuidandaula.

Ku Kaning'ina mlendo anali atafika kale. Anapeza mahema, mipando yopanda anthu, ndi mbuzi ziwiri. Zolankhula zake zinali zoyamba ndi mawu othokoza khamu lalikulu, ndipo mawu oterowo sawerengeka pamaso pa mbuzi. Foni ya mayi Temwani, amene anatsalira ndi oyenda pansi, inayamba kulira osapuma. Anathamangira pa windo la a Paison ali wefuwefu.

"Adada, a wapampando akuti yewo chomene, koma mufulumire. Mlendo akufuna kunyamuka."

"Auzeni tikubwera."

"Akuti mulowe giya wachiwiri basi. Anthu athamangeko pang'ono."

"Mayi Chirwa, taonani pagalasipo. Mukuwaona amayi avala duku lobiriwirawo?"

"Ndi akazi anu, adada."

"Ndi amenewo akuyendetsa. Ine ndangogwira chiwongolero."

Foni inaliranso. Mayi Temwani anaiika pakhutu la a Paison, ndipo mawu a wapampando anamveka mpaka kwa ana asukulu.

"Nakhumwa! Wakupatsa chilolezo chokhala patsogolo ndani?"

"Palibe, bwana. Ndinapeza malo ali okha."

"Ndikukulamula, thamangitsa galimotoyo! Ukapanda kutero usadzaonekenso pa zochitika za komiti ino!"

A Paison anayang'ana ndodo ya giya. Ankadziwa kuti si mawu ongoopseza. Giya wachiwiri anali pafupi, kungokankha ndi zala ziwiri, ndipo malo awo akanabwerera mawa lomwe, ndi chithokozo pamwamba. Pagalasi duku lobiriwira linkakwera n'kutsika, kukwera n'kutsika, chitunda chitayamba.

"Bwana, muli ndi matabo awiri kumeneko. Auzeni akuombereni m'manja. Anthu afika pamene afikire."

Anafika dzuwa litapendeka, akuimba, palibe amene anakomoka. Mlendo anali atadikira ndithu, chifukwa kubwerera ku Lilongwe wopanda chithunzi cha khamu n'kovuta kuposa kuchedwa. Anawerenga zolankhula zake mothamanga, n'kuyamikira komiti chifukwa chosunga nthawi.

Komiti inakumananso, ku loji yomwe ija, kuti iunike mmene tsikulo linayendera. Inapeza kuti galimoto yotsogolera inagwira ntchito yake bwino kwambiri, popeza inafika msanga kuposa zaka zonse. Inapezanso kuti anthu ndi amene anachedwa, ndipo anawachedwetsa ndi a Paison Nakhumwa, amene anachoka pamalo awo popanda chilolezo n'kusiya kumbuyo kopanda madzi. Inawachotsa pa zochitika zonse za komitiyo. Masukulu angapo, amene aphunzitsi ake akuluakulu amakhala m'makomiti ena ndi a wapampando, anasiyanso kuwayitana. Mwezi umenewo kunyumba kwa a Nakhumwa ndiwo zinali za masamba kawirikawiri, ndipo a Mildred sanaiwale kufunsa ngati boneti yapsa.

A Paison sanakadandaule kulikonse. Anapita kwa wolemba zikwangwani wa kuseri kwa msika, n'kumuuza alembe pa chitseko chakumbuyo cha pikapu, ndi zilembo zofiira zazikulu: NDINE NDINACHEDWETSA. Wolembayo anafunsa ngati awonjezere kuti pepani. Anati malo alipo, koma asawonjezere.

Kachomata kaja sikanatayidwe. A Mildred anakamata pa makina awo osokera, ndipo makasitomala akamadandaula kuti diresi lachedwa, amangowalozera pomwepo.

Amayi a mipingo ndiwo sanafunse komiti. Loweruka lina posachedwapa anali ndi ndawala yawo yopezera njerwa, kuchokera ku Chibanja komweko. Patsogolo panali pikapu yomwe kale inali yoyera, jenereta ikulira, aliyense woyenda kumbuyo akuwerenga zilembo zofiira zija ulendo wonse. Pa msika chipikapu cha a Stanford chinapezeka kumbuyo kwa gululo, msewu utadzaza, popanda podutsira. Chinaliza hutala kamodzi. A Paison anatulutsa dzanja pa windo, n'kulikupiza pansi pang'onopang'ono, maso ali pa duku lobiriwira.