Mkungudza Wotsala wa a Macheka

Anthu ankangowatchula kuti a Macheka, poti unyamata wawo wonse unathera m'dzenje lochekera matabwa, utuchi ukuwagwera m'maso. Mkungudza ankaudziwa bwino: fungo lake, thabwa lake lokanika chiswe, timasamba take tomatirira kunthambi ngati mamba a njoka. Mtengowu sumera kwina kulikonse koma paphiri lakwawo lokha, ndipo iwo ndi anzawo anaudula mpaka phirilo linachita dazi.

Chisoni cha wocheka matabwa chimabwera msana utakana. M'chigwembe china munatsala mkungudza umodzi wokalamba, ndipo a Macheka anadzilemba okha ntchito youlondera, kuti aone ana ake iwo asanatsikire kulichete. Ankalambula udzu mozungulira poopa moto. Mvula ikagwa, pansi pake pankamera timitengo ta masamba osongoka ngati singano. Iwo ankati ndi paini, mlendo wopanda ulemu uja amene akudzaza phiri lonse, n'kumatizula mtima uli m'mwamba.

"Chokani apa, mukuphangira malo a eni!" ankatero, akutiponya pathanthwe kuti tiume.

Dzinja ndi dzinja ankazula, akudandaula kuti mtengo wawo ndi chumba. Kenaka nsonga yake inayamba kuuma, khungwa likusupuka. Chilimwe china unafa chiimire, ndipo nkhalambayo inasiya kudya.

Mwana wawo wamkazi anali atangolembedwa ntchito ku nazale ya mitengo. Pofuna kuwatonthoza, anawatengera komweko, n'kuwalowetsa m'shedi ya ukonde wakuda momwe munali timachubu ta mbande ndandanda.

"Taonani, bambo, mkungudza wanu uja ndi uwu. Mbewu yake ikusowa, tangomeretsa tochepa tomweti."

A Macheka anawerama movutikira n'kukhudza kambande kamodzi. Masamba ake anawabaya chala.

"Iwe, usandiseweretse. Uyu ndi paini."

"Ayi, bambo. Ukakhala waung'ono umaoneka chonchi, mamba aja amabwera ukakula. Inenso angondiphunzitsa kumene."

Wocheka amayang'ana thunthu ndi komwe mtengo ugwere. Pa mikungudza yonse imene anagwetsa, a Macheka anali asanaweramepo kuti aone mwana wa mkungudza. Anangoti khwethe pamatope pakati pa timachubuto.

"Kodi mwatani, bambo?"

"Mtengo uja unkabala," anatero motsitsa, akuyang'ana manja awo. "Chaka chilichonse unkabala."