Achemwali anga akupalasa bwato pabalaza

Lolemba la sabata ya Khirisimasi ndinafika kwa achemwali anga pa boma la Ntchisi mvula itangokata. Ndili pakhonde kupala matope kunsapato, ndinamva phokoso lachilendo m'nyumbamo: fuu, kenako zii, fuu, kenako zii. Ndinkayesa wina akupopa tayala la njinga.

Nditalowa ndinapeza mayi wamkulu, wa zidzukulu zake, ali chikhalire pansi pabalaza, chitenje chili pamwamba pa buluku la amuna awo, thukuta lili kamukamu, akupalasa bwato lopanda madzi.

"Khalani pampandopo, achimwene," anatero osaleka. "Moni ndikupatsani nyimboyi ikatha."

Pa wailesi panali nyimbo ya kwaya. Ndinakhala pansi kukamwa kuli yasa.

Kwa inu amene simunawaonepo makinawa, ndi chitsulo chachitali chogonekedwa pansi, pamwamba pake pali kampando koyenda uku ndi uku. Munthu amatsamiritsa mapazi kutsogolo, n'kugwira kandodo komangidwa ku tcheni, n'kumakankha ndi miyendo uku akukoka. Kumapeto kwake kuli gudumu lopukusa mphepo, ndiye fuu ndinkamva uja. Anatumiza makinawa ndi mwana wawo Yamikani, amene amagwira ntchito ku Joni, atamva kuti kuchipatala awapeza mayi ake ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Kuyambira pamene makinawo anafika, ntchito yokhayo imene ine ndinkawadziwa nayo inali yoyanikapo matawulo.

Nanga chinasintha n'chiyani?

Achemwali ndi telala. Moyo wawo wonse akhala ali pampando kuseri kwa makina osokera. Amayi athu amakhala kumudzi kwathu ku Chezi, pamwamba pa chitunda chimene galimoto sikwera nthawi ya dzinja, ndipo ndi okalamba, satsikanso. Khirisimasi ya chaka chatha tinanyamuka tonse kukawaona. Tili pakati pa chitundacho achemwali anagwidwa chizungulire, anakhala pamwala, milomo itauma gwa. Alamu anawabweza. Diresi imene anawasokera amayi ndinakapereka ndine, ndipo amayi anangoitembenuzatembenuza n'kufunsa kuti, "Nanga wasokayo ali kuti?"

Mawu amenewo ndinawafikitsa momwemo. Sindinadziwe kuti anawakhala pamtima chaka chonse.

Nyimbo itatha anadzipukuta kumaso, tinalonjerana, ndipo ndinafunsa kuti bwanji osangoyenda pansi monga anawauzira adokotala.

"Ndiyende kuti, m'matope umu?" anayankha. "Komanso anthu mukuwadziwa. Ndinayesapo m'mawa wina. Ndisanafike pamsika n'komwe, wina wandifunsa kale kuti kwagwanji, wina kuti wadwala ndani. Muno sandifunsa munthu."

"Ndiye mukufuna kuchepetsa thupi?"

"Thupi langali silinandilakwire. Ine ndikufuna ndikawaveke ndekha amayi diresi yawo Lachinayi likubwerali. Basi."

Anayamba kupalasa nthawi yotentha ija, mvula isanagwe. Poyamba, akuti, ndime imodzi ya nyimbo inkawatalikira. Tsopano nyimbo zimatha zingapo iwo akadali pakampando. Ndipo musaiwale kuti Disembala ndi mwezi umene telala sapuma: uyu akufuna suti ya mwana, uyo akufuna chilundu chake chithe lero lomwe. Koma achemwali satsegula shopu asanapalase. Alamu poyamba ankawaseka, tsiku lililonse kuwafunsa ngati afika kale ku Nkhotakota. Lero alamu omwewo ndiwo amathira mafuta pa tcheni, ndipo akazi awo akatuluka amakhalapo nawonso mwakachetechete.

Ine ndinayesa. Ndinavula jekete, ndinakhalapo, n'kuyamba kukoka ndi mphamvu zonse za munthu wofuna kuonetsa kuti ndi mwamuna.

"Miyendo kaye, achimwene, manja pambuyo," anatero achemwali. "Mukukoka ngati mukulimbana ndi mbuzi."

Kwaya isanafike pakolasi ndinali nditatha, ndikupuma wefuwefu. Ndine wamng'ono kwa iwo, ndipo sindinapezekepo ndi matenda alionse. Ndinadzuka mwaulemu n'kupempha madzi.

Lachinayi m'mawa, tsiku la Khirisimasi, tinatsika minibasi mumsewu waukulu n'kuyamba kukwera. Njira inali yoterera, chimanga chili m'mawondo mbali zonse. Ine ndinanyamula mpunga ndi nkhuku, alamu ananyamula zakumwa, achemwali ananyamula diresi m'jumbo, ndipo anakana kuti wina awalandire. Ndinkangoyang'ana kumbuyo kwa khosi lawo, kudikira kuti adzandire.

Titafika pamwala uja anaima. Alamu anatula katundu msangamsanga.

"Mwatani, mayi a Yamikani?"

"Palibe. Ndikudikira inu."

Abale anga, ndinaseka mpaka nkhuku inatsala pang'ono kundipulumuka. Kuchokera pamenepo anayenda pang'onopang'ono, akupuma mwamphamvu ndithu, koma sanakhalenso pansi mpaka tinalowa pabwalo la kwathu. Amayi anali pakhonde. Anatchinga dzuwa ndi dzanja, kuyang'anitsitsa, kenako anayamba kuwomba m'manja okhaokha. Achemwali anagwada, anatulutsa diresi, anawaveka pomwepo, n'kumawakonza kolala uku misozi ikutsika. Amayi anangoti, "Wabwera ndi miyendo yako?" Iwo anati, "Ndi yanga yomwe, amayi."

Chimwemwe chimene ndinali nacho tsiku limenelo sichinathebe, n'chifukwa chake ndakulemberani nkhaniyi m'malo mwa ya mitengo ya zinthu imene ndinakonza.

Taganizani mmene ambirife timachitira ikafika nyengo ino. Disembala tinamusandutsa mwezi wokhululukidwa. Wosuta amati ndisiya Januwale. Wakumwa amati ndichepetsa Januwale. Amene adokotala anamuuza kuti achepetse mchere ndi zonona amadzaza mbale n'kunena kuti chaka chatsopano tiona. Januwale akafika amabwera ndi zake, fizi ya ana, feteleza wachiwiri, denga lodontha, ndipo lonjezo lija limafa osalira maliro.

Vutoli si la alimi amene tinawadutsa akupalira m'mbali mwa chitunda chija, kapena matenanti amene amaweramira fodya kuyambira m'bandakucha. Iwowo matupi awo amagwira ntchito yopitirira muyezo. Vutoli ndi lathu, ife a m'maofesi, a m'mashopu, oyendetsa minibasi, osoka, olemba ngati ine, amene timakhala pansi tsiku lonse mimba ikukula, anthu n'kumatiyamikira kuti zikutiyendera. Ndipo mnzathu akayesa kudzithandiza, ndife oyamba kumuseka. Munthu wamkulu kumathamanga m'mawa, akuthamangitsidwa ndi ndani? Timaseka choncho, mawa lake n'kukakumana pamzere wa kuchipatala.

Sindikunena kuti mukagule makina opalasa. Ambirife tilibe mwana ku Joni, ndipo makina a achemwali omwewo anakhala nthawi yaitali akuyanika matawulo. Chimene chinawadzutsa si chitsulocho. Mawu akuti "ndikufuna kukhala wathanzi" sadzutsa munthu m'mawa kukuzizira, mvula ikugogoda pamalata. Achemwali anali ndi munthu woti akamuone, malo oti akafike, ndi tsiku lake. Pamene ena ankati nyengo ya zikondwerero ndi yopumira, iwo ankati ndi nyengo imene akuikonzekera. Ndipo pa Khirisimasipo mpunga anadya, nkhuku anadya, sanadzimane ngati wolangidwa.

Dzulo ndinawaimbira foni kuti ndimve ngati miyendo yatsitsimuka. Anandiuza kuti apalasa kale m'mawa, ndipo amayi awiri a kumpingo kwawo ayamba kumabwera kudzasinthana nawo pakampando. Yamikani akumanga ukwati chaka chikubwerachi, ndipo achemwali atsimikiza kuti adzavina pa perekaniperekani kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osapempha mpando.

Kenako anandifunsa kuti, "Nanga inu, achimwene, mukukonzekera chiyani?"

Ndinayamba kufotokoza kuti Januwale akangoyamba, koma anandidula.

"Sindinafunse kuti muyamba liti. Ndafunsa kuti mukukonzekera chiyani."

Yankho lake mpaka pano ndikulifunafuna, mosangalala ndithu, ngati munthu amene wapatsidwa nsalu yatsopano n'kuuzidwa kuti asankhe yekha chosoketsa. Inu amene mukuwerenga mbale ya zotsala za Khirisimasi ili pamwendo, akanakufunsani inuyo mukanayankha kuti chiyani?