Nkhalango Yosatoledwa Nkhuni

Chaka changa chachiwiri ku Bradford, ndikugwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo, anandipatsa bambo ena a zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu. Anali ovuta. Tiyi akazizira pang'ono, nkhani. Ndikatseka windo, nkhani, ndikatsekula, nkhaninso. Koma tinkagwirizana, chifukwa nanenso pakamwa panga si pocheza.

Nyumba yawo inali kumapeto kwa tauni, pomwe basi imatembenukira. Kuseri kwake kunali nkhalango yakalekale. Bambowa anatha zaka zambiri akuyendamo, kuwerenga mitengo ndi kujambula papepala pamene uliwonse waima. Miyendo itakana, zoyendamo zinatha. Ndiye Lachinayi lililonse ankafuna kuti ndiwakankhe pa chikuku chawo tikaone kamtengo kena ka oki, kamene ankati anakasiya kakulekeza m'bondo.

Tsiku loyamba tinafika mpaka pageti lolowera m'nkhalangomo. Nditasuzumira mkati, thupi lonse linachita tsemwe. Mitengo ikuluikulu yoti anthu atatu sangaikumbatire, mdima masanasana, ndipo pansi nkhuni mbwee, zina zouma bwino, zina zikuwola, popanda wotola. Ine ndinakulira ku Dedza, komwe amayi ankalawirira kuphiri kukasaka kamtolo kamodzi. Kwathu malo a mitengo yotere, oti nkhuni n'kumawolera pansi nyumba za anthu zili pafupi, ndi amodzi okha basi: kumanda. Ndipo kumanda munthu salowako chisawawa, makamaka ukakhala mlendo.

Ndinatembenuza chikuku n'kunena kuti mvula ikubwera. Ku Bradford bodza limeneli silivuta, mitambo imakuikira umboni yokha. Sabata yotsatira ndinati tayala likulira. Inayo ndinati nthawi yanditherako. Kenako mwana wawo wamkazi anandiuza kuti kumapeto kwa mwezi awasamutsira kunyumba ya okalamba ku Hull, kufupi ndi iye. Lachinayi linatsala limodzi, ndipo mtima unandiwawa chifukwa ndinadziwa kuti amene akuwamana nkhalango yawo ndine.

Tsikulo titafika pageti, bambo aja anagwira matayala ndi manja onse awiri.

"Lero kulibe mvula," anatero. "Tandiuza zoona, ukuopa chiyani iwe?"

Ndinawauza zonse, za nkhuni ndi za manda. Anaseka mpaka kutsokomola, ine n'kumawasisita kumsana ndili ndi manyazi.

"Mulibe manda m'menemu," anatero atapuma. "Mitengo yakufayo timaisiya dala. Imadyetsa tizilombo, tizilombo timadyetsa mbalame, ndipo ikawola imadyetsa inzake."

Chamumtima ndinati anthu awa zinthu zinawakwana, nkhuni zonsezi kupatsa tizilombo! Komabe ndinakankha geti n'kulowa.

Mkatimo bambo aja anasanduka munthu wina. Tiyi anaiwalika. Ine ndinkangoona mitengo yomera mwachisawawa, iwo ankaona mudzi wa mabanja odziwika. Kumtunda, pouma ndi pamiyala, kunali ma oki okhaokha, otalikirana, nthambi zili tambalale. Potsetsereka panali ma bichi a makungwa osalala, ndipo pansi pake panali mbee, chifukwa mthunzi wake sulola kanthu kumera kupatula timitengo ta masamba aminga. Anati bichi ndi mtengo womana, ine ndinati ndikuwadziwa anthu otero kutchalitchi kwathu. Kumunsi, m'mbali mwa kamtsinje, kunali mtundu wina wokonda kuviika mizu m'madzi. Anandiuza kuti palibe anaidzala m'mizere, uliwonse unakhala pamene unapeza zokwanira.

Chikuku chinkatitimira m'masamba, thukuta lili kamukamu, iwo akungolamula kuti kumanzere, kumanzere ndati. Mwadzidzidzi kunawala. Tinatulukira pamalo pomwe chibichi china chinagwa kalekale n'kusiya mpata kumwamba. Thunthu lake linali gone, litamera ndere ndi bowa. Mozungulira munali timitengo ta makungwa oyera, timene anati ndi toyamba kuthamangira paliponse pamene dzuwa lalowa. Pakati pake panali ka oki kaja. Anandiuza kuti ndiime pafupi nako, ndipo nsonga yake inandifika pachifuwa.

Anakayang'anitsitsa. Kenako anati, "Mkazi wanga atamwalira tinatentha thupi lake, monga timachitira kuno. Phulusa ndinamwaza pompano, chaka chomwe kamtengoka kanamera."

"Bambo inu!" ndinakuwa. "Si munati mulibe manda?"

"Manda mulibedi. Waonapo mtanda?"

Ndinafuna kukwiya, koma mkwiyo sunabwere. Ndinangoona kuti ndaima pakhomo pa mayi amene sindinawapatse moni. Ndinagwada pamasamba onyowawo, yunifolomu ndi yonse, n'kuomba m'manja pang'onopang'ono monga timachitira kwathu, n'kunena kuti odi amayi, pepani talowa osagogoda, ndabwera nawo amuna anu. Ndinkadikira kuti aseka ngati poyamba paja. Nditadzutsa mutu ndinapeza avula chipewa.

Anasamuka Loweruka la sabata yomweyo. Ine ndikadali ku Bradford, ndipo ndikakhala pa ofu ndimakwera basi mpaka pomwe imatembenukira. Mantha anatha. Ndimaikonda nkhalango ija, ngakhale kuti ndikaona nthambi youma bwino manja amandiyabwabe. Ndikafika pampata paja ndimawaimbira foni bambo aja. Chaka chatha ndinawauza kuti mtengo wafika paphewa, iwo anati phewa la munthu wamfupi ngati ine si muyeso. Koma za msinkhu amafunsa pambuyo. Akangomva mawu anga, funso loyamba limakhala lomwelo.

"Waomba m'manja?"